Buku Loseketsa Limene Poyamba Silinandiseketse

Anzanga amene mwaima pabolodi pano kudikira belu, pepani kuti ndadya malo ambiri. A madamu a Chingerezi anandiuza kuti zimene ndinafotokoza ku kalabu Lachitatu lija ndizilembe m'Chichewa kuti a Fomu 1 nawonso amve, ndiye ndalemba. Belu likalira musanamalize mudzapitirize pa buleki. Mapepalawa ndamata ndi phala la chinangwa, sachoka lero.

Nkhani yake ndi ya buku lina limene lili m'kabati ya mabuku, pakati pa aja anabwera m'makatoni chaka chatha. Dzina lake ndi Funny in Farsi, wolemba wake ndi Firoozeh Dumas, ndipo linatuluka mu 2003. Ine ndinalitenga chifukwa cha mawu oyambawo basi, akuti Funny. Ndinati apa ndipumulako ku manotsi a Bayoloje. Ndinawerenga mitu itatu, madzulo atatu, ndi katochi ka sola ndikatha kutsuka mbale, koma osaseka ngakhale kamodzi. Lachisanu ndinalibweza. A madamu anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe, wamaliza kale?" Ndinati, "Ayi madamu, koma anama, si loseketsa." Amene anaseka ndi iwowo. Anandibwezera bukulo m'manja n'kunena kuti, "Kawerengenso. Paliponse pamene ukuona kuti wolembayo amafuna kuti useke koma iwe sunaseke, uikepo kadontho ndi pensulo. Sabata yamawa tidzaonera limodzi timadontho takoto."

Timadonthoto tinachuluka ngati mawanga a nkhanga. Titakhala pansi n'kuyamba kuona kamodzikamodzi, ndinazindikira chimene chinkandivuta. Sichinali Chingerezi chokha ayi, mawu ambiri ndinali nditawapeza kale mu dikishonale. Vuto linali lakuti nthabwala za m'buku lotere zimabadwa pamene miyambo iwiri yagundana. Banja la ku Iran likuchita zinthu mmene linazolowera kwawo, anthu a ku America akuchita mmene anazolowera kwawo, ndipo choseketsacho chili pakatipo. Munthu wa ku America akamawerenga amadziwa kale mbali yake, wa ku Iran amadziwanso yake. Nanga ife? Ife tili ngati munthu amene wafika mochedwa pabwalo, wapeza anthu akufa nalo phwete, iye osadziwa kuti wagwa ndani. Ndiye ntchito yowerenga buku ili ndi yofufuza mbali ziwirizo. Ukazipeza phwete limabwera lokha, ngakhale mochedwa.

Poyamba tidziwe kuti ndi buku la mtundu wanji, chifukwa funso limeneli a madamu amalikonda. Pa Chingerezi amati memoir. Ndi buku limene munthu amalemba zimene akukumbukira za moyo wake weniweni. Si nthano ya kalulu, si nkhani yopeka, anthu ake ndi enieni ndipo malo ake alipo. Limasiyananso ndi mbiri ya moyo wonse ija imayambira tsiku lobadwa n'kumatsata chaka ndi chaka. Wolemba memoir amasankha. Amatola zimene zinamukhudza, zina n'kuzisiya. M'buku ili mitu yake ndi yaifupi, uliwonse ukuimira pawokha, moti mutha kuwerenga umodzi pa buleki n'kuumaliza. Koma chimene chinandithandiza kwambiri ndi ichi: mu memoir "ine" amakhala anthu awiri. Pali kamtsikana ka zaka 7 kamene zinthu zikukachitikira, ndipo pali mayi wamkulu amene akuzifotokoza patapita zaka pafupifupi 30. Kamtsikanako sikankaseka. Kankachita manyazi, nthawi zina mantha. Amene akuseka ndi wamkuluyo. Ine poyamba ndinkangomva kamtsikanako, n'chifukwa chake ndinkangomva chisoni.

Firoozeh anabadwa mu 1965 ku Abadan, mzinda wa mafuta m'dziko la Iran. Likulu la Iran ndi Tehran, ndipo chilankhulo chachikulu kumeneko ndi Farsi, chimene chili pa dzina la bukuli. Amachilemba ndi zilembo zonga za Chiarabu, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Bambo ake, a Kazem, anali injiniya ku kampani ya boma ya mafuta, ndipo ali mnyamata anaphunzirako ku America. Mu 1972 ntchito inawatumiza ku America, banja lonse n'kukakhala ku Whittier, m'chigawo cha California. Patapita zaka ziwiri anabwerera kwawo, kenako anapitanso ku California, ulendo uno ku Newport Beach. Dzina loti Dumas analitenga kwa mwamuna wake, Mfalansa amene anakumana naye ku yunivesite ku Berkeley.

Mutu woyamba ndi wa tsiku lake loyamba kusukulu ya pulayimale. Poti sankadziwa Chingerezi, amayi ake, a Nazireh, anamuperekeza n'kulowa naye m'kalasi. Mphunzitsi, pofuna kuwalandira bwino alendowo, anawapempha mayiwo kuti abwere kutsogolo adzaonetse ana pamene pali Iran pa mapu. Anapita, anaima, osapapeza. Iwo sanapite patali ndi sukulu, anakwatiwa ali aang'ono, za mapu sanaphunzire. Poweruka awiriwo anasocheranso, mpaka banja lina la m'deralo linawathandiza kufika kunyumba. Mutu umenewu ndiubwerera kumapeto, uli ndi nkhani yake.

Za chilankhulo ndiye zinandigwira msanga. Banja lonse linkadalira bambo kuti ndiwo odziwa Chingerezi, si anaphunzira ku America? Atafika kunapezeka kuti Chingerezi chawo chinali cha m'mabuku a uinjiniya. Za mapaipi ndi kayendedwe ka madzi ankatha kulankhula bwinobwino, koma pogula zinthu m'sitolo anthu sankawamva. Amayi anaphunzira chawo poonera mipikisano ya pa TV, ndipo womasulira wawo kulikonse anali kamtsikana kaja. Tsiku lina mmisiri wina anawauza kuti banga limene linali pansi lichoka ndi elbow grease. Mayi ndi mwana ananyamuka kupita kusitolo kukagula chinthu chimenecho. Apa ndinaikapo kadontho. Elbow ndi chigongono, grease ndi girisi, ndiye ine ndinaganiza kuti ndi mafuta ena ake, chalakwika n'chiyani kukagula? Eti ndi chining'a chabe. Tanthauzo lake ndi kupukuta ndi mphamvu, kugwiritsa ntchito mkono wako. Sichigulitsidwa. A madamu atandiuza choncho anawonjezera kuti, "Taganiza mlendo wophunzira Chichewa amene wamva agogo ako akuti akukataya madzi, iye n'kuthamanga kukawalandira ndowa." Apo ndiye ndinaseka mpaka misozi, koyamba. Ndipo ine ndemwe, amene ndinkati mafutawo alipo, ndinali nditagwa m'dzenje lomwelo limene anagwamo amayi a Firoozeh.

Chimodzimodzi ndi mayina a zakudya. Hot dog si galu wotentha, ndi soseji yoika pakati pa buledi wamtali. Koma kwa mlendo amene wangophunzira kuti dog ndi galu, mtima umayamba wagunda.

Miyambo ina inafuna kuti ndifunse kaye kuti chinthucho n'chiyani. Pali masewera otchedwa bowling. Amatenga mpira wolemera wokhala ndi mabowo atatu olowetsamo zala, n'kuugubuduza pa kanjira kosalala ka matabwa kuti ukagwetse timitengo 10 tooneka ngati mabotolo. M'mbali mwa kanjirako muli ngalande, mpira ukagweramo wapita osagwetsa kanthu. A Kazem ankaonera masewerawa pa TV n'kumadzudzula osewera, kenako anayamba kusewera okha ndipo pobwera kunyumba ankadzitama. Mapeto ake anakalowa mpikisano wa pa TV womwewo, umene kamtengo kalikonse kogwa kamapatsa dola imodzi, ndipo wogwetsa tonse motsatizana amatenga ndalama zambiri. Banja linadikira chuma. Bambo anabwerera ndi timadola tochepa, ndipo bowling inathera pomwepo. Nditamvetsa malamulo a masewerawo ndinaona kuti munthu ameneyu ndimamudziwa. Mudzi uliwonse uli naye. Ndi uja amaima kuseri kwa golo pa mpira wa Lamlungu kukalipira wosewera aliyense, koma tsiku limene anamupatsa penate anaponya mpira m'chimanga.

Palinso Disneyland, malo a zisangalalo ku Anaheim, ku California komweko, amene anatsegulidwa mu 1955. Mwini wake anali Walt Disney, amene anayambitsa Mickey Mouse, kambewa ka makutu akuluakulu kaja mumakaona pa zikwama ndi malaya a pa kaunjika. Koma abale, kwathu kuno mbewa timakumba n'kuphika ndi mchere, kumeneko mbewa ndi bwana, anthu amalipira kuti ajambulitse nayo. A Kazem ankawakonda malowa kuposa ana awo, mlendo aliyense ankapita naye kumeneko. Tsiku lina Firoozeh anasochera m'chigulu cha anthu, ogwira ntchito n'kumutengera kuchipinda chosungirako ana osochera. Inde, kuli chipinda chake chake. Ali komweko anabweretsa kamnyamata kena kolira kamene sikankalankhula Chingerezi, ndipo anamuuza Firoozeh kuti alankhule nako. Kamnyamatako sikanali ka ku Iran n'komwe. Kwa ogwira ntchitowo, aliyense wosalankhula Chingerezi ankalankhula chilankhulo chimodzi. Apa onani kuti amene akusekedwa tsopano si banja la ku Iran, ndi anthu a ku America. Bukuli limaluma mbali zonse. Ana akusukulu ankamufunsa za ngamira, ngati kwawo amagona m'matenti, ngati kuli magetsi, pamene ku Abadan banja lake linali ndi nyumba ndi galimoto.

Ndisanapitirire ndivomere kuti nafenso tili ndi ngamira zathu. Ine America ndinkaidziwa kuchokera ku vidiyo sho ya pamsika: mfuti, magalimoto akuphulika, munthu mmodzi kumenya anthu makumi awiri osatuluka thukuta. M'bukuli palibe galimoto yophulika. Muli anthu akukonza makina ochapira, akufunafuna katundu wotsika mtengo, akudandaula za ntchito.

Mutu umene ndinaukonda kuposa yonse ndi wa Thanksgiving, chifukwa unandionetsa nthabwala imene singawoloke kubwera m'Chichewa. Thanksgiving ndi tchuthi cha dziko lonse la America, chimachitika Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala. Mabanja amasonkhana, ena kuchokera kutali kwambiri, n'kudya nkhukundembo yootcha yathunthu ndi chakudya chotsekemera chopangidwa ndi maungu. Chiyambi chake amachilumikiza ndi phwando la zokolola la mu 1621 ku Plymouth, pamene atsamunda ochokera ku England anadya limodzi ndi eni dera, a mtundu wa Wampanoag, ndipo pulezidenti Abraham Lincoln analengeza mu 1863 kuti likhale tsiku la dziko lonse. Mukaganiza za chopereka cha masika kutchalitchi simuli kutali kwenikweni, kungoti iwo amachitira kunyumba, pa tebulo. Banja la a Kazem linautenga mwambowu, nkhukundembo n'kumaiika pambali pa zakudya za kwawo, aliyense n'kumanena chimene akuthokoza. Bambowo amathokoza kuti akukhala m'dziko limene lili free. Tsopano apa ndi pamene pali msampha. Mawu oti free pa Chingerezi ali ndi matanthauzo awiri, ufulu ndi ulere. Anthu a ku America amanyadira kuti dziko lawo ndi la ufulu. A Kazem ufuluwo amaukonda ndithu, makamaka wovota, koma mwana wawo akutionetsa kuti ulere amaukondanso kwambiri. M'masitolo akuluakulu kumeneko amaika anthu ndi timbale ta zakudya zolawitsa kuti ukope mtima ugule. Bambowo amazungulira sitolo yonse kulawa uku ndi uku mpaka kukhuta, nkhomaliro yatha. Ife pamsika timalawa kanjere kamodzi ka mtedza, ukatenga kachiwiri wogulitsa wayamba kale kukuyang'ana. Nditayesa kuwafotokozera achimwene anga nthabwalayi m'Chichewa inafera m'kamwa, chifukwa ife ufulu ndi ulere ndi mawu awiri osiyana, sangakupunthwitse. Ndinafunika kuyamba ndawaphunzitsa mawu a Chingerezi aja, ndipo nthabwala yoyamba ndi phunziro imafika itazizira.

Pena ndinadabwa kuti ife tili pafupi ndi Iran kuposa America. Firoozeh akufotokoza kuti Chingerezi n'chosauka pa mawu a chibale. Chili ndi uncle mmodzi, aunt mmodzi, cousin mmodzi. Farsi ili ndi mawu osiyana a mlongo wa bambo ndi mchemwali wa mayi, a mchimwene wa bambo ndi mlongo wa mayi, ndipo pamene Chingerezi chimangoti cousin, Farsi ili ndi mawu 8. Apa sindinaike kadontho, ndinamva nthawi yomweyo. Ndani mwa ife sanalembepo my small father mu kompozishoni, aphunzitsi n'kudula ndi inki yofiira? Kwa ife amalume ndi amalume, bambo aang'ono ndi bambo aang'ono, ntchito zawo m'banja n'zosiyana. Mwana wa amalume kapena wa azakhali ndi msuweni, umatha kuseleulana naye, koma mwana wa mayi aang'ono ndi m'bale wako weniweni. Chingerezi chimawathira onsewa m'thumba limodzi. M'bukuli abale amabwera kudzacheza n'kukhala miyezi, nyumba kudzaza, zimene oyandikana nawo a ku America sanazizolowere. Kwa ife palibe chachilendo. Pamenepa wowerenga wa kuno amamva msanga kuposa wa ku California, ndipo zinandisangalatsa kuti kamodzi kokha ife ndi amene tafika msanga pabwalo.

Ndiye njira imene ndinapeza, pa kadontho kalikonse, ndi kudzifunsa kuti mwambo wa ku America pano ndi uti, ndipo banjali linkayembekezera chiyani. Ndikayankha zimenezo ndimawonjezera funso langalanga, loti kwathu tikanatani, ndipo kawirikawiri limeneli ndi limene limatsegula chitseko. Mwachitsanzo, kumeneko pa tchuthi chachitali cha pakati pa chaka makolo ena amalipira ndalama kuti ana awo akakhale ku kampu kutchire, kugona m'tinyumba ta matabwa ndi ana osawadziwa. Ife tchuthi timatumizidwa kwa agogo kukathandiza ntchito, ulere. Firoozeh anapempha yekha kupita ku kampu, koma atafika anapeza kuti kosambira n'koonekera, ndipo chifukwa cha manyazi anakhala masabata awiri osasamba. Amene munapitako ku misasa ya achinyamata a mpingo mukudziwa mzere wa kubafa m'mawa, ndiye musamuweruze kwambiri.

Nkhani ya kusasambayi ndi yofunika pa chifukwa china. Ku kalabu mnyamata wina wa Fomu 3 anafunsa kuti, kodi mayiyu sakunyoza makolo ake? Kuwaika m'buku dziko lonse liziwaseka? Funso labwino, ndipo linandisowetsa tulo. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo umboni uli m'kalembedwe. Choyamba amadziseka yekha kwambiri, saima pamwamba n'kumaloza ena. Chachiwiri, akaonetsa khalidwe loseketsa la munthu amaonetsanso kumene linachokera. A Kazem amaumira pa ndalama n'kumakonda zaulere chifukwa anakula m'umphawi, ndipo bambo omwewo, tsiku limene mwana wawo anapezeka ku Disneyland kuja, anamasula chikwama n'kumugulira zinthu zimene masiku onse ankakana. Miseche imakuonetsa chilema cha munthu n'kuthera pomwepo. Apa ukamaliza mutu umapezeka kuti wayamba kuwakonda bambowo.

Tsono pakati pa buku kuseka kumachepa, ndipo musadumphe mitu imeneyo. Mu 1979 ku Iran kunachitika kusintha kwa boma, mfumu yawo imene ankaitcha Shah inachotsedwa. Pa 4 Novembala chaka chomwecho ophunzira ena analanda ofesi ya kazembe wa America ku Tehran, ndipo anthu 52 a ku America anasungidwa mokakamiza masiku 444, mpaka pa 20 Januwale 1981. Nkhaniyi inkaonetsedwa pa TV tsiku ndi tsiku. Anthu omwe aja amene mu 1972 sankadziwa kuti Iran ili kuti, amene ankawabweretsera chakudya ndi kuwathandiza akasochera, ambiri anayamba kudana ndi aliyense wochokera kumeneko. A Kazem ntchito inawathera ndipo anavutika kupeza ina. Amayi aja nthawi zina akafunsidwa kwawo ankatchula dziko lina.

Apa ndi pamene nkhani ya dzina imalemera. Firoozeh ndi dzina la mwala wokongola wobiriwira, koma ana a ku America ankalephera kulitchula, ena n'kumalipotoza dala kuti amuseke. Atasamukira ku Newport Beach anadzipatsa dzina loti Julie. Poyamba zinayenda. Koma poti Chingerezi chake chinali chitasalala ndipo dzina linali lawo, anthu sankadziwa kuti ndi wa ku Iran, ndiye nthawi ya mavuto ija ankanyoza anthu a kwawo iye ali pomwepo. Atakula anabwerera ku dzina lake lenileni, koma pofunsira ntchito anaona kuti makalata a Firoozeh sayankhidwa, ndipo atawonjezera Julie anayamba kuitanidwa. Amazifotokoza moseketsa, koma mukachotsa nthabwalazo chotsala n'chowawa. Sinditchula munthu, koma pasukulu pano tilipo amene ku pulayimale tinali ndi mayina a makolo, pofika Fomu 1 tinatulukira ndi ena a pa TV. Mutu umenewu tiuwerenge.

Kunena zoona si mitu yonse imene inandikomera. Ina yadzaza mayina a anthu otchuka a pa TV ya ku America a zaka za m'ma 1970, ndipo ngakhale a madamu atandifotokozera sindinaseke, nthawi yake inapita. Komanso tisamati tawerenga buku ili ndiye taidziwa America. Ili ndi banja limodzi, la bambo wophunzira, m'dera limodzi la California, zaka zambiri zapitazo. America ili ndi zigawo 50. Zili ngati munthu awerenge za banja limodzi la ku Area 47 ku Lilongwe n'kumati wadziwa mmene timakhalira kuno kumudzi.

Tsopano ndinene chimene sindinanene ku kalabu. Mutu woyamba uja, wa mapu, sunandiseketse ngakhale nditaumvetsa bwinobwino. Tsiku lodzalembetsa Fomu 1 amayi anandiperekeza. Tinanyamuka kusanache, iwo atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Pofika panali pepala loti kholo lisayine. Amayi anagwira cholembera, anachiyang'ana, anachibweza, n'kupempha inki kuti adinde chala. Kumbuyo kwathu kunali mzere, ndipo ena mwa inu munalipo. Palibe amene anaseka, koma ine ndinamva ngati sukulu yonse yaona. Pobwerera ndinkayenda patsogolo, patali, ngati sitikudziwana, ulendo wonse. Iwo sananene kanthu. Pamsika anandiitana n'kundigulira zitumbuwa ziwiri, ndinadya ndili chete.

Firoozeh anadikira zaka 31 kuti alembe za tsiku lake la mapu. Ine papita chaka ndi miyezi yochepa, mwina n'chifukwa chake sindinafike poseka.

Sabata yatha madzulo tikusenda mtedza ndinayamba kuwamasulira amayi bukuli. Za mafuta a chigongono anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana mayi aang'ono kuti ndibwerezenso. Za bambo olawa zakudya m'sitolo anati, "Ameneyo akanakhala wa kuno akanamuthamangitsa pamsika." Kenako ndinalimba mtima n'kuwamasulira za mapu. Anakhala chete, manja akusendabe. Anati, "Mphunzitsiyo sanalakwe, ankafuna kuwalemekeza. Nanga mwanayo anapita kukaima nawo amake kutsogoloko?" Ndinati ayi amayi, anangokhala pampando wake, manyazi atamugwira. Anati, "Anali mwana." Anandikankhira lichero kuti ndipitirize kusenda.

Ndisanamate mapepalawa ndinawapempha kaye, chifukwa ndaona kuti wolemba za moyo wake amalembanso za moyo wa ena amene sanapemphe kulowa m'nkhani. Ndinati, "Amayi, ndilembe za chala chija?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Lemba. Koma ulembenso kuti pano ndikupita ku sukulu ya kwacha, ndipo dzina langa ndikulemba ndekha. Ulembenso kuti pa masamu a ndalama iweyo ndi Fomu 2 yakoyo sungandipose." Ndalemba, amayi.

Bukuli ndalibweza m'kabati, lili pa shelefu yachiwiri, chikuto chake ndamata ndi selotepi. Wobwereka alembetse kwa a madamu. Timadontho tanga ta pensulo musafufute, pambali pa tina ndalembapo tanthauzo, ndipo patsala tina tisanu timene tikusowabe wotimasula. Komanso amene anatenga dikishonale yaikulu ija teremu yatha, chonde abweze, tikuifuna.